Funsani za Mitengo: Minga ya bonsai ikundimaliza zala

Funso

Moni a Mlangizi. Ine ndangoyamba kumene zosamala timitengo ta bonsai, tija tolimidwa mu mphika kuti tikhale tating'ono, ndipo ndili nato tiwiri, ka bougainvillea ndi ka pyracantha kaja kamabereka tizipatso tofiira. Vuto langa ndi minga. Ndikati ndidulire kaya ndikulunge waya kuti nthambi ilowere komwe ndikufuna, ndimachokapo zala zili magazi okhaokha, wayanso amangokodwa m'minga osagona bwino pa nthambi. Magolovesi ndinayesa koma ndikavala sindimvanso chomwe ndagwira. Mnzanga wina akuti ndingometa minga yonse, wina akuti ndikatero kamtengo kafa. Ndimvere uti?

Wobayidwa zala

Yankho

Pepani ndi zalazo achimwene (kaya ndinu achemwali, simunanene). Uzani mnzanu wachiwiriyo mtima ukhale pansi, kamtengo sikangafe chifukwa mwadula minga. Minga ntchito yake yaikulu ndi kuopseza nyama zodya masamba, chakudya cha mtengo chimapangidwa ndi masamba, ndiye kamtengo kokhala mu mphika pa shelefu kulibe nyama yomwe kakulimbana nayo. Koma woyambayonso musamumvere zonse, kumeta minga yonse mwachisawawa kuli ndi kuipa kwake, makamaka pa pyracantha wanuyo.

Tengani kamtengoko mukayang'ane pafupi, pamene munga watulukira. Pa bougainvillea munga umatuluka pomwe tsamba lagwirana ndi nthambi, ndipo pompo pambali pake pamakhala kadiso, kamphukira kogona komwe mawa kadzakhale nthambi yatsopano. Mukalowetsa sizasi mpaka pansi kufuna kuti pasalale ngati mwapala, mumapita nako kadisoko, kenako muzidabwa kuti bwanji mbali imeneyo sikuphuka. Ndiye dulani munga wokha, musiye kachitsa ka milimita 1 kapena 2, kosabaya koma kosakhudza diso. Kachitsako kamauma kokha. Mitengo ya mtundu wa mandimu ndi malalanje ndi chimodzimodzi, mtengo wina waminga wotchedwa hawthorn chimodzimodzinso. Mthethe minga yake imabwera iwiriiwiri patsinde pa tsamba ndipo diso limakhala pakati pa iwiriyo, pamenepo ndiye muzichita kusamala kwambiri.

Pyracantha ndi nkhani ina. Minga yake yambiri ndi tinthambi tenitenitu tomwe tangosongoka kumapeto, mukayang'ana muona ina ili ndi timasamba m'mbali mwake. Mtengo umenewu umachita maluwa pa tinthambi tatifupi ta chaka chatha kapena takale, ndiye mukati mumete chilichonse chosongoka mungometa ndi maluwa omwe, tizipatso tofiira tija mumakakondera osadzationa. Apa ingodulani kansonga kobayako, kotsalako kasiyeni. Chowengera zikhadabo chimagwira bwino ntchito imeneyi kuposa sizasi yaikulu, chimalowa mopanikizika ndipo chimangodya nsonga yokha. Chikhale chake cha mitengo, osati chomwecho madzulo muwengerenso zala.

Munga womwe mwadula sumeranso pamalo pomwepo. Koma mphukira zatsopano zizibwerabe ndi minga yake, palibe mankhwala ake zimenezo, ndi chibadwa. Ubwino wake minga ikamatuluka kumene imakhala yanthete, yobiriwira, mutha kuitsina ndi chikhadabo isanakhwime.

Tsopano za waya. Ine ndimati yambani mwaganiza kaye nthambi zomwe zikuchoka, muzidule, zichoke ndi minga yake yomwe, palibe chifukwa chometa nthambi yoti ikukatayidwa. Zotsala zomwe mukufuna kupinda ndi zomwe muchotse minga, ndipo osati paliponse, mongodutsa waya ndi pomwe zala zigwire popinda. Waya amayenda mopendekera, pafupifupi madigiri 45, ndipo kunenepa kwake kukhale gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo. Akakwera pamwamba pa munga amasiya mpata, ndiye popinda nthambi imathyokera pa mpata pomwepo chifukwa palibe choigwira. Bougainvillea ndi woipa pa zimenezi, nthambi ikakhwima imangoti thyo osachenjeza, muziipinda ikadali yaing'ono. Poti mwangoyamba kumene tengani waya wa aluminiyamu, ndi wofewa, wa kopa amalimba mukangomupinda ndipo kulimbana naye pakati pa minga ndi kudzifunira mabala.

Chomwe chimabayitsa anthu kwambiri ndi kuzunguliza dzanja lonse kuseri kwa nthambi. Dulani waya wotalikirapo, dzanja limodzi ligwire pomwe waya wangogona kumene, linalo ligwire kumapeto kwa waya kutali ndi minga nkumamuyendetsa, kulowa m'minga alowe waya osati chala chanu. Mothithikana gwiritsani pulayala yakukamwa kosongoka. Ndipo tembenuzani mphika m'malo mopinda mkono. Pochotsa waya musamasule mozunguliza, muduleni tizidutswa tizingogwa tokha, zala zipulumuka khungwa nalonso lipulumuka.

Komanso sikuti nthambi iliyonse mpaka waya wokulunga. Ngati mukungofuna kuti nthambi itsike, mangani kawaya kowonda kuchokera pa nthambipo kukafika m'mphepete mwa mphika nkukoka pang'onopang'ono, poika kalabala pomwe wagwira khungwa. Ena waya sam'gwira nkomwe, amangosiya nthambi ikule kenako nkuidula pamwamba pa diso loyang'ana komwe akufuna kuti ilowere, ikaphuka adulanso, choncho choncho. Njira imeneyi inatchuka ndi alimi a penjing (bonsai wa ku China) a chigawo cha Lingnan kumwera kwa China, imatenga zaka koma pa mitengo yaminga yophuka msanga ngati bougainvillea imayenda bwino kwabasi.

Magolovesi aja ndikukumvetsani. Achikopa onenepa ndi abwino podula nthambi zazikulu ndi pozula mtengo mu mphika, pokulunga waya ndi chipsinjo. Yesani opyapyala okhala ndi labala m'chikhatho, saletsa munga waukali kulowa koma zokalakala zimachepa, kapena valani dzanja logwira nthambi lokha, kapena kulungani tepi kumutu kwa chala chachikulu ndi cholozera. Chomwe sindinyengerera ndi magalasi. Munthu akamakulunga waya nkhope imakhala pafupi ndi mtengo, nthambi yomwe mwaikoka ikapulumuka imabwerera kumaso. Timinga todulidwato tisesenitu nthawi yomweyo, tikauma pansi timabaya kuposa tili pa mtengo. Zida muzipukuta ndi sipiriti musanapite pa mtengo wina, pyracantha ndi hawthorn zimagwidwa ndi matenda a fire blight omwe amayenda ndi sizasi.

Kunena za ine, minga yonse sindichotsa. Kunsonga kwa nthambi komwe dzanja silifikafika ndimaisiya, hawthorn wopanda munga ndi umodzi womwe amaoneka wachilendo. Pali mtundu wina wa trifoliate orange, mbale wake wa malalanje, wotchedwa Flying Dragon womwe anthu amaukondera minga yake yokhotayo, umenewo kuumeta ndi kuwononga. Koma ngati pakhomo pali ana aang'ono metani ndithu zam'munsi zonse.

Funso

A Mlangizi, munga wa kamtengo kanga unandilasa pa mfundo ya chala sabata yatha, ndinauzula koma chalacho chikadali chotupa ndipo sichikupindika bwino. Ndingodikira?

Mayi wodandaula

Yankho

Ayi mayi, musadikire, pitani kuchipatala ndipo mukawauze kuti ndi munga ndi tsiku lomwe unakulasani. Nsonga ya munga imatha kuthyokera mkati, ikakhala pa mfundo imatupitsa kwa milungu kaya miyezi, mtengo wotchedwa blackthorn ndi wodziwika pa khalidwe limeneli. Kachidutswa ka munga nthawi zambiri sikaoneka pa X-ray, amakapeza ndi sikani, ndipo kena kamafuna kuchita kuchotsedwa ndi adokotala. Musakumbe nokha ndi singano pa mfundo. Mukafunsenso za katemera wa kafumbata, amalangiza kubwereza pakatha zaka 10, ndipo bala likakhala lakuya kapena lakuda amatha kukubayani ngakhale patangotha zaka 5.

Kwa ena nonse, mukalasidwa tsukani ndi sopo ndi madzi pompopompo, muone ngati munga watuluka wathunthu. Pakatuluka kachotupa kosapola patapita milungu ingapo, kenako tina nkumatuluka motsatana kukwera mkono, amenewo akhoza kukhala matenda a sporotrichosis. Amayamba ndi fangasi wa Sporothrix wopezeka m'dothi, pa zomera ndi mu ndere za sphagnum zomwe a bonsai amakonda kugwiritsa ntchito, ndipo mankhwala ake, kawirikawiri itraconazole, amamwa kwa miyezi ingapo.