Musagule laputopu ina musanawerenge maulendo a kuchitsime

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Katete, amene amasunga kaundula wa gulu la alimi a nshawa ndi soya. Iye analemba pulogalamu ya Python yotenga mayina a alimi mu PostgreSQL (database, pulogalamu yosungamo kaundula) n'kuwerengera matumba amene aliyense wabweretsa. Gululo lili laling'ono, inkamaliza madzi a tiyi asanawire. Pano alimi achuluka, ndipo ikumatenga mphindi 40, mwina magetsi n'kuzima, batire n'kutha ntchito ili pakati. Atayesa cProfile, chida choyezera nthawi imene gawo lililonse la pulogalamu ya Python likutenga, inamuonetsa kuti nthawi yonse ikuthera pa execute. Ndiye akufunsa kuti, kodi chidachi chikunama, kapena laputopu yakalamba?

M'bale wanga, ndalama zanuzo zisungeni kaye. cProfile siikunama ayi. Pa execute m'pamene Python imatumiza funso ku database n'kukhala pansi kudikira yankho, ndipo kudikirako cProfile imakuwerengeranso. Yakufikitsani pakhomo, koma zam'katimo siingazione.

Yendetsaninso python -m cProfile -s cumtime kenako dzina la fayilo yanu. Ulendo uno maso anu asathamangire ku nthawi. Yang'anani kumanzere kwenikweni, pamene palembedwa ncalls, muone kuti execute yaitanidwa kangati. Ngati nambalayo ili pafupi kufanana ndi chiwerengero cha alimi anu, mwaigwira mbava. Ndiye kuti mumafunsa kamodzi mayina onse, kenako mlimi aliyense mumamufunsira payekha matumba ake. Zili ngati kudzaza mgolo potunga madzi kuchitsime ndi kapu. Chitsimecho chilibe mlandu, miyendo nayo ili bwino, koma maulendo ndiwo achuluka. Funso lililonse palokha limaoneka lachangu, n'chifukwa chake vutoli limabisala mpaka alimi atachuluka. Tengani ndowa: lembani funso limodzi lokhala ndi JOIN, SUM ndi GROUP BY, kuti database iwerengere yokha n'kukupatsani zonse ulendo umodzi. Ntchito imeneyi PostgreSQL imaidziwa kuposa loop iliyonse imene inu ndi ine tingalembe.

Ngati ncalls ndi yochepa koma kudikira kukadalipo, lowani m'kati mwa database. Ikani EXPLAIN ANALYZE kutsogolo kwa funso lanu mu psql, pulogalamu yolemberamo mafunso ku PostgreSQL, kuti ikuonetseni mmene funsolo likuyendera. Mukaona Seq Scan pa tebulo lalikulu la matumba pamene mukufuna za mlimi mmodzi yekha, ndiye kuti ikuwerenga mzere ndi mzere kuyambira pamwamba. Ambiri sadziwa kuti PostgreSQL imapanga yokha index (mndandanda wothandiza kupeza mzere mwachangu) pa primary key, nambala yodziwira mzere uliwonse, koma pa foreign key, nambala yolozera ku tebulo lina, siipanga. Pa nambala ya mlimi m'tebulo la matumbalo muyenera kuikapo nokha ndi CREATE INDEX. Pa tebulo laling'ono Seq Scan isakudetseni nkhawa.

Koma apa ndikupempheni mumvetsere, chifukwa ine ndinapsapo. EXPLAIN ANALYZE siimangofotokoza, imayendetsadi funsolo. Tsiku lina ndikuthandiza pa ofesi ina kuno ku Chipata, ndinaiika kutsogolo kwa UPDATE, lamulo losintha zolembedwa m'tebulo, ndikuganiza kuti ndikungoyeza nthawi. Nditatsegula tebulo, mitengo yonse inali itasintha. Mtima unangoti myuu. Mlonda anatseka geti, ine ndili ndekha m'kati ndi tochi ya pafoni, kubwezeretsa zinthu kuchokera ku backup ya dzulo lake, ndipo zolembedwa tsiku limenelo tinazilowetsanso pamanja m'mawa kuchokera m'mabuku a malisiti. Kuyambira pamenepo, ndikamayeza UPDATE kapena DELETE ndimayamba ndi BEGIN n'kumaliza ndi ROLLBACK, kuti zonse zibwerere mwakale.

Musanakhudze chilichonse, yendetsani pg_dump kuti mutenge backup ya database, fayiloyo muisunge pa fulashi. Mukatero munditumizire nambala ya ncalls ija pamodzi ndi zimene EXPLAIN ANALYZE yatulutsa, mayina a alimi mutawachotsamo, tidzazionere limodzi.