Mafunso a owerenga: Kodi ndi makamera akunditherera Credelec?

Funso: Achimwene zikomo, ine ndili ku Ulongue kuno ku Angónia ndipo ndili ndi kagolosale kogundizana ndi nyumba. Miyezi ingapo yapitayi akuba anatithyolera usiku nkutenga mafuta ophikira ndi shuga, ndiye bambo a kunyumba anaitana mnyamata wina anatiikira makamera anayi, kabokosi kojambulira kaja, rauta yoti tizionera pafoni, magetsi awiri akuluakulu a panja, komanso tinaika TV yathu yakale mugolosale yoti izionetsa zithunzi usana ndi usiku. Koma chiikireni Credelec, mayuniti a magetsi olipiriratu aja, sakukhalitsa, timagula lero pasanathe masiku ayamba kale kutha. Apongozi akuti tizithimitsa makamera masana. China nchoti magetsi akangothima makameranso amathima, nanga akuba sabwera nthawi yomweyo? Ndithandizeni. Mayi wa ku Ulongue.

Yankho: Mayi pepani kwambiri ndi zakubazo, katundu wa m'golosale ndi thukuta ndipo zimawawa. Koma makamerawo musawathimitse ayi, si amene akukudyerani mayuniti ochuluka chonchi. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Kamera imodzi ya mtundu umenewu imayendera 12V ndipo imadya mawati pakati pa 3 ndi 6, usiku imakwerako pang'ono chifukwa imayatsa timagetsi tofiira tija timene mumationa mozungulira diso lake. Tingoti 5. Anayi ndi 20. Kabokosi kojambulira, kamene amati DVR, pamodzi ndi hard disk yake yosungira zojambulazo ndi cha m'ma 15, rauta cha m'ma 10. Zonse 45. Mukachulukitsa ndi maola 24 mupeza 1080 Wh, ndipo poti 1000 Wh ndi yuniti imodzi (kWh), ndiye kuti yuniti imodzi ndi kakanyenyeswa patsiku, pamwezi mayuniti 32 kapena 33. Tiyerekeze kuti yuniti ndi meticais 10 (10 MT) kuti masamu aphweke, ndiye kuti 320 MT pamwezi. Mtengo weniweni muupeza pa risiti ya kampani ya magetsi ya EDM kapena pa meseji imene imabwera mukagula pa M-Pesa kapena e-Mola, gawani ndalama ndi ma kWh amene akupatsani, koma musagwiritse risiti yoyamba ya pamwezi chifukwa pamakhala zodula zina monga taxa de lixo, msonkho wa zinyalala, ndiye imaoneka ngati yuniti yadula.

Tsono ine diso langa lili pa magetsi awiri a panja aja. Kayang'aneni, ngati ndi akale aja okhala ndi kandodo kagalasi mkati, otentha moti tizilombo timapsererapo, amenewo ndi halogen ndipo limodzi laling'ono ndi mawati 150, akuluakulu amafika 500. Awiri a 150 akayaka maola 11 usiku ndi mayuniti 3.3, pamwezi pafupifupi 100. Mwaona? Katatu kuposa makamera onse pamodzi ndi kabokosi kawo. Chotsani muike a LED a mawati 20, awiri amenewo pamwezi sangapitirire mayuniti 14 ndipo pakhomo pawala bwinobwino, mukapeza okhala ndi sensa oyaka munthu akamadutsa ndiye bola kwambiri, amadzidzimutsanso wakuba.

Kenako TV. Anthu ambiri amaganiza kuti ukathimitsa TV ndiye kujambula kwaima, ayi ndithu, kujambula kumachitikira m'kabokosi muja, TV ndi windo chabe yoonerapo. TV ya mawati 50 ikakhala yoyaka maola 24 ikudya mayuniti 36 pamwezi, kuposa makamera eni ake, ndipo usiku wonse ikuonetsa zithunzi m'golosale mopanda munthu. Muziyatsa masana mukamagulitsa ngati mukufuna makasitomala azidziona, madzulo mukamatseka thimitsani.

Ngati simukukhulupirira yesani nokha. Masana ena thimitsani zonse m'nyumba ndi m'golosale, firiji yomwe, musiye makamera okha ndi kabokosi ndi rauta, lembani nambala ya mayuniti pa mita, dikirani maola atatu muonenso. Muona atsika ndi 0.13 kapena 0.14 basi. Akatsika kwambiri kuposa apo ndiye kuti pali china chikudya mobisa, itanani wa magetsi wodziwa ntchito aone mawaya. Za apongozi zothimitsa masana, muwafotokozere mwaulemu kuti mungapulumutse mayuniti osafika 16 pamwezi, pamene wakuba wa usiku nthawi zambiri amayamba wabwera masana ngati wogula machesi kudzaona loko ndi mawindo, nkhope yake imaoneka bwino nthawi imeneyo kuposa usiku.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, chifukwa apa ndi pamene mabanja ambiri amatayira ndalama, kugula makamera odula nkuiwala kuti alibe moyo wawowawo. Inde damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechino ku Songo ndipo limatha kupanga mamegawati 2075, koma nthawi ya mvula mtengo ukagwera waya kapena chiphaliwali chikaomba, mdima ndi mdima basi, komanso Credelec akakutherani pakati pa usiku ndi chimodzimodzi. Ndinafikapo pakhomo pena pamene anaba njinga yamoto, mwini wake akutionetsa zojambulazo manja akunjenjemera, chithunzi chili bwinobwino galu akuyendayenda pabwalo, nthawi pakona ikuwerenga, kenaka phi. Chotsatira ndi m'mawa nkhuku zikutola, njinga palibe. Magetsi anathima maola anayi.

Ndiye pafunika batire. Ka UPS kakang'ono ka kompyuta kaja, kosunga magetsi pang'ono akathima, kamakhala ndi batire ya 12V 7Ah, ndi katundu wanuyu kangakusungeni ola limodzi mwina osakwana, kamathandiza pa kuthimathima kwa mphindi zochepa komanso kuteteza hard disk kuti isaonongeke, koma usiku wonse ayi. Yofika nayo m'mawa ndi batire ya sola ya 12V 100Ah. Imasunga 1200 Wh koma ya asidi simuyenera kuikama kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye 600 kugawa ndi 45 mupeza maola 13. Ya galimoto musayese, inapangidwira kuliza injini kamphindi kochepa, mukamaitsitsa pansi kawirikawiri miyezi yochepa yafa. Ndipo poti makamera, DVR yambiri ya makamera anayi ndi marauta ambiri zimayendera 12V kale, funsani mmisiri akuikireni bokosi la power supply lokhala ndi potchajira batire, lamphamvu yokwana batire imeneyo komanso la mafyuzi, kuti zonse zizidya kuchokera pamenepo popanda inveta yosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, chifukwa inveta nayonso imadya yake ngakhale isakunyamula kanthu. Awerenge kaye zolembedwa pa adaputa iliyonse asanalumikize. Magetsi a panja ndi TV musaziike pa batire imeneyi.

Mukafuna kuchokeratu pa Credelec mbali ya makamerayi, panelo ya mawati 300 ndi kontrola yake ikwanira pa dzuwa lathu lino, kungoti kwanu ku Angónia kumakhala masiku a mitambo ndi chifunga m'miyezi yozizira ndiye batire isakhale yaing'ono. Ikaninso choteteza ku chiphaliwali pa soketi mvula isanayambe mu Novembala, ndipo kabokosi kojambulira kabiseni m'nyumba, osati pa shelefu ya m'golosale pamene wakuba angonyamula nkupita nako.

Funso: Ine kamera yanga ya kugeti masana imaonetsa bwino koma kukangoda imathimathima, anandigulitsa yakufa? Bambo wa ku Moatize.

Yankho: Bambo musathamangire kukabweza. Kawirikawiri vuto limakhala waya wa magetsi, wautali komanso woonda. 12V ikayenda mtunda wautali pa kawaya kotero imafika itafooka, masana imakwanira koma kukada timagetsi toonera mumdima tikayaka kamera imafuna mphamvu yochuluka ndiye imazima, nkuyakanso, nkuzimanso. Imasuleni muiyese m'chipinda chamdima ndi adaputa yake pafupi, ikagwira bwino ndiye kuti kamera ilibe mlandu. Ikani waya wonenepa wa kopa weniweni kapena adaputa ya 12V 2A pafupi ndi geti m'kabokosi kosalowa madzi. Amene mukugula zatsopano ganizirani makamera a PoE, waya umodzi wa netiweki umanyamula chithunzi ndi magetsi omwe mpaka mamita 100 popanda vuto limeneli. Ndipo poti muli ku Moatize kumene Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, adaputa ndi batire musaziike kudenga pansi pa malata, batire ya asidi ikamakhala motentha moyo wake umafupika kwambiri. Ipezereni pansi pamthunzi podutsa mphepo, muikhazike pa thabwa.