Mapulamu akapsa onse nthawi imodzi: yankho kwa mayi wa ku Bvumbwe

Mayi wina wokhala kufupi ndi Bvumbwe, m'boma la Thyolo, wandilembera imelo yodandaula kuti mitengo yake itatu ya mapulamu yabereka mopitirira muyeso. Ana adya mpaka kukhuta, anansi agawiridwa, koma zipatso zikungoyoyoka ndi kuwolera pansi. Funso lake ndi lakuti, kodi angathe kuwayanika monga momwe timachitira ndi mfutso?

Mayi, ine sindikukulimbikitsani kuyanika. Mfutso timaupanga mvula ikamatha, ndipo masamba ndi opyapyala, pomwe mapulamu kuno amapsa mvula itayamba kale, komanso magawo oposa 80 pa 100 aliwonse a chipatsochi ndi madzi. Kwathu kuno ku Thyolo ndi Mulanje dzuwa la nyengo imeneyi silidalirika, choncho mapulamu oyanikidwa pathandala amachita chuku asanaume. Njira imene ndimaikhulupirira ndi kuphika jamu, ndipo mwayi wake ndi wakuti mapulamu ali kale ndi kuwawasa komanso pekitini, chinthu chimene chimachititsa jamu kugwirana, kotero simufunika kugula mankhwala ena alionse.

Thyolani m'mawa, ndipo musankhe akupsa bwino osakaniza ndi ena olimbirako, chifukwa olimbirakowo ndiwo ali ndi pekitini wambiri. Atsukeni, aduleni pakati, muchotse njere, koma makoko musasende popeza ndiwo amapatsa jamu mtundu wake wofiira. Njerezo tayani, ndipo ana asaziswe kuti adye za m'kati, chifukwa muli poizoni. Pa kilogalamu imodzi ya zipatso zochotsa njere, konzani shuga wosachepera magalamu 750 ndi madzi a ndimu imodzi.

Pa shuga pomwepa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Chaka china, poona mtengo wake, ndinathira theka lokha la muyeso, ndipo patangotha masabata ochepa ndinapeza chuku choyera chayala pamwamba pa botolo lililonse, moti ntchito ya tsiku lathunthu inathera kudzala. Shuga sitithirira kutsekemera kokha ayi. Ndiye amamanga madzi a m'chipatso kuti tizilombo toyambitsa kuwola tisowe pokhala. Ngati shuga wakuchepelani, ndi bwino kuphika mabotolo ochepa kusiyana ndi kuchepetsa muyeso.

Yambani mwafewetsa zipatso pamoto wochepa ndi theka la kapu ya madzi, shuga musanathire, chifukwa shuga akalowa msanga makoko amalimba. Zikafewa, thirani shuga, takasani ndi mthiko woyera mpaka atasungunuka yense, kenaka kolezerani mbaula kuti ziwire mwamphamvu, uku mukuchotsa thovu ndi kutakasa kuti zisapserere pansi. Gwiritsani ntchito poto waukulu wachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo musapose makilogalamu awiri pa ulendo umodzi, popeza poto wodzadza amachedwa kugwirana ndipo jamu amada. Pofuna kudziwa ngati wapsa, donthezani pang'ono pa mbale yozizira, mudikire mphindi imodzi, ndipo mumukankhe ndi chala. Akachita makwinya osabwereranso pamzere umene chala chadutsa, phulani.

Mabotolo agalasi akale ndi abwino, bola akhale osasweka pakamwa ndipo zivindikiro zake zikhale zopanda dzimbiri. Awiritseni kwa mphindi 10, mudzazemo jamu, mabotolowo ndi jamuyo zonse zikadali zotentha, kusiya mpata wochepa pamwamba, mupukute pakamwa ndi kutseka mwamphamvu. Akazizira, chivindikiro chiyenera kukhala chitabonyera m'kati. Botolo limene silinatero ndilo muyambe kudya. Otsalawo asungeni pamalo amdima ndi ozizira, ndipo angathe kukufikitsani nyengo ina ya mapulamu. Lotsegulidwa lisakhalitse, ndipo potapa muzigwiritsa ntchito supuni youma.

Pali chinanso chimene munachitchula mongodutsa koma chandikhudza, chomwe ndi zipatso zowolera pansi pa mtengo. Mmenemo ndi mmene mphutsi za ntchentche za zipatso zimakulira, kenaka n'kulowa m'nthaka ndi kudzatuluka ngati ntchentche zimene zidzaboola mango ndi magwafa anu. Tolani zogwa zonse tsiku lililonse, mukumbe dzenje lakuya pafupifupi theka la mita, ndipo muzikwirire bwinobwino.