Mahuva a batire ndi achingwe: zowerengera musanakwere basi ya ku Joni

Achemwali, uthenga wanu ndauona. Mukuti mwasonkhanitsa kampamba ndipo mukufuna kuyamba kuoda mahuva, makina okoka fumbi aja, ku Joni. Mtima wanu uli pa opanda chingwe aja amene adzaza pa TikTok ndi pa Facebook, ndiye mukufunsa ngati achingwe anatha fasho komanso mmene geniyi imayendera. Ndiyankha motalikirako chifukwa katundu ameneyu si ngati nsapato kapena mabulangete, oti ukagulitsa nkhani yatha. Huva imabweranso, ndipo imabwera ndi mwini wake atakwiya.

Zoti kunjaku anthu akusiya achingwe ndi zoona. Mu 2018, potulutsa huva yawo ya V10, James Dyson ananena kuti kampani yake yasiya kupanga mitundu yatsopano ya mahuva achingwe. Samsung, Bosch, Hoover ndi ena ali nawonso awo a batire, ndipo makampani a ku Suzhou, ku China, monga Dreame ndi Tineco, akukankha mtundu womwewo pamtengo wotsikirapo. Mukalowa m'mashopu akuluakulu a ku Joni monga Makro kapena Game mudzaona kuti amene aikidwa poonekera ndi ataliatali ngati ndodo aja. Koma amene anawapangira makinawa amakhala m'nyumba za kapeti khoma ndi khoma, za masitepe, zopanda wantchito, ndipo batire likafa amaitanitsa lina pa foni n'kufika mawa lake. Kuno nyumba zambiri ndi za simenti kapena matailosi. Tsache ndi chikolopa zimamaliza ntchito dzuwa lisanakwere. Choncho musayambe ndi kufunsa kuti huva yabwino ndi iti. Yambani ndi kudziwa amene adzatulutse ndalama.

Makasitomala anga ambiri si a m'nyumba ayi. Ndi anyamata otsuka magalimoto, eni maloji, maofesi, makampani oyeretsa, ndi matchalitchi kapena mizikiti imene ili ndi kapeti. Onsewa huva imalira kwa maola. Wotsuka magalimoto sangauze kasitomala kuti dikirani titchaje. Iwowa amafuna ya mgolo ija, yokoka fumbi ndi madzi omwe. Kärcher WD 3, mwachitsanzo, ili ndi mgolo wa malita 17 ndi mota ya mawati 1000, ndipo pali zina zosatchuka dzina za malita 20 kapena 30 zimene zimagwira ntchito bwinobwino. Si zokongola, zimasokosa, palibe amene angazijambule n'kuika pa WhatsApp. Koma mota ikavuta, nthawi zambiri amakhala makaboni (timaburashi ta m'kati mwa mota) atha, ndipo mmisiri wa ku Ndirande kapena ku Mchesi amaitsegula n'kukonza tsiku lomwelo. Ndalama imene imandibwezera pamsewu imachokera ku migolo imeneyi.

Ya batire ili ndi wake. Ndi mayi wa nyumba ya matailosi amene ali ndi masofa a nsalu, kakapeti ka pabalaza, galimoto, ndi mwana wongomwaza zinyenyeswazi paliponse. Amafuna kanthu kopepuka koti atole, akoke mphindi zisanu, apachike. Palinso chifukwa china chathuchathu, chimene azungu sachiganizira n'komwe: magetsi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, anthu ambiri a m'tauni anagula sola ndi inveta. Inveta yaing'ono yoyatsira mababu, TV ndi furiji singanyamule huva ya mawati 1000 kapena 1400, imangolira n'kuzima. Chaja ya huva ya batire imadya pang'ono ngati ya laputopu. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo imagulitsa, muziinena.

Tsono batire ndi limene limadya phindu la anthu pa geniyi, ndiye tikhalitsepo. Pa bokosi amalemba mphindi 40 kapena 60. Mphindi zimenezo amawerengera huva ikuyenda pa mphamvu yotsikitsitsa, popanda burashi yozungulira ija. Kasitomala wathu sagwiritsa ntchito mphamvu yotsika. Amadina batani la mphamvu yonse chifukwa ndi pamene akumva kuti ikukoka, ndipo pamenepo ngakhale Dyson imatha mphindi zosakwana 10. Mawa lake foni: mwandigulitsa chakufa. Muzimuuza asanalipire, ndipo muzimuonetsa.

Kuti musanamizidwe ndi bokosi, werengani chizindikiro chimene chili pa batire penipenipo. Pamakhala mavoti ndi nambala ya mAh. Chulukitsani ziwirizo n'kugawa ndi 1000, mupeza ma Wh, muyezo wa mphamvu imene batire limasunga. Batire la mavoti 21.6 ndi 2200 mAh limasunga mphamvu ya pafupifupi 47 Wh. Ngati mota ikudya mawati 150, ndiye kuti mphindi zake sizifika 20, kaya pa bokosi ajambulapo chiyani. Zotchipa kwambiri za ku China Mall kapena Dragon City, zija zotchajira pa USB, zambiri zili ndi timabatire tiwiri kapena kamodzi mkati. Zimenezo ndi zopukutira mipando ya galimoto basi, ndipo muzizigulitsa ndi dzina limenelo.

Chachiwiri, onani ngati batire limachoka. Lina limatuluka pongodina, lina ndi la masikuluwu awiri kapena atatu, lina anatsekera mkati moti kuti ulifike uyenera kuswa pulasitiki. Lotsekeredwalo musatenge. Batire la lithium limafooka ndithu likamatchajidwa kambirimbiri, ndipo kutentha kumalifulumizitsa. Ganizirani la kasitomala wa ku Nsanje kapena ku Salima amene amasiya huva m'galimoto mu Okutobala. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri adzabwera. Mukakhala ndi lina loti mumugulitse, mwapha makwacha kawiri pa munthu mmodzi. Mukapanda kukhala nalo, adzauza gulu lonse la ku banki m'khonde kuti katundu wanu sakhalitsa. Alipo anyamata okonza malaputopu amene amatha kusintha timabatire ta 18650 tamkatimo, koma si onse amachita bwino, ndipo batire lolumikizidwa molakwika limayaka moto. Ine ndimatumiza kwa amene ndaona ntchito yake.

Pali njira ina imene amalonda ambiri saiona. Makita imapanga huva yaing'ono, DCL180, yoyendera batire la mavoti 18 lomwe lija la madirilo awo. Akalipentala, oika masiling'i ndi a zamagetsi amene ali kale ndi mabatire amenewa amangofuna thupi lokha. Simunyamula batire, simunyamula chaja, simudandaula za kufooka kwake. Kungoti mabatire abodza olembedwa Makita ndi ambiri pamsika, ndiye musalowerere kugulitsa amene simukudziwa kochokera.

Fumbi lathu nalonso ndi nkhani. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi lofiira losalala ngati ufa limatseka fyuluta msanga kwambiri. Huva ya batire kankhokwe kake n'kakang'ono, pafupifupi theka la lita, ndipo fyuluta ikatsekeka mphamvu imagwa, mota imatentha, zina zimangozima zokha. Anthu ambiri amene amati yawonongeka amakhala kuti sanatsukepo fyuluta chiigulireni. Ena amatsuka n'kubwezera yonyowa, ndiye kupha mota kumeneko. Imafunika iume tsiku lathunthu. Pa huva iliyonse imene mukugula, gulani mafyuluta ake apadera tsiku lomwelo, mu shopu yomweyo. Mukati mudzagula ulendo wina mudzapeza mtunduwo anasiya kubweretsa. Chimodzimodzi za matumba a pepala: ngati matumba simukhala nawo, huva ya thumba isiyeni pa shelefu. Timaroboti toyenda tokha tija sindinyamula pokhapokha munthu atalipiriratu. Pa nyumba ya zitseko zokhala ndi chopunthwitsa ndi mchenga wa pakhonde timangozungulira pamodzimodzi.

Mudzakumananso ndi kasitomala wokonda mawati. Akaona 2000W pa bokosi amati iyi ndiye yamphamvu. Mawati amanena za magetsi amene makina akudya, osati mmene akukokera. Ku Ulaya anaika lamulo mu 2014 loti mahuva a m'nyumba asapitirire mawati 1600, ndipo mu 2017 anatsitsa kufika pa 900. Ndiye chifukwa chake Henry, kofiira kankhope komwetulira kamene abale athu a ku UK amaika m'makontena, ndi ka mawati 620 okha koma kamagwira ntchito zaka ndi zaka m'maofesi. Osalimbana naye pakamwa munthu wotere. Thirani mchenga pang'ono pa kapeti, mupatseni akoke yekha.

Za mapulagi ndi zachidule. Kuno timagwiritsa ntchito a mano atatu amakona, ngati a ku UK, pa mavoti 230. A ku South Africa ndi a mano ozungulira, ndiye pa yachingwe mumangodula n'kuika pulagi yathu yokhala ndi fyuzi ya 13A. Adaputa yotchipa imasungunuka ndi huva ya mgolo. Pa ya batire pulagi ndi chaja zinaumbidwa pamodzi, simungadule, ndiye adaputa yabwino muiwerengere pa mtengo. Katundu wa ku America ndi wa mavoti 120, wa ku Japan 100: yachingwe yochokera kumeneko imapsa pongoilumikiza. Machaja ambiri amalandira 100 mpaka 240, koma werengani kaye. Wa ku Dubai ndi wambiri wa ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amabwera ndi pulagi yathu, ndipo kwa munthu wa ku Mzuzu kapena ku Karonga njira ya pa Songwe ndi yaifupi kuposa Joni.

Msewu wa Joni mukuudziwa mwina: kuchokera ku Blantyre ndi Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, a ku Lilongwe amatulukira pa Dedza. Ndi pasipoti ya Malawi amakupatsani masiku osapitirira 30 ku South Africa. Pobwerera, katundu wamkulu amalipiritsa poona kulemera ndi malo amene watenga, ndipo apa ya batire imapambana chifukwa malo a mgolo umodzi mumalowa zingapo. Migolo timaidzaza mkati ndi mapaipi ake, mafyuluta ndi tinthu tina tofewa kuti malo asapite pachabe, koma zonse zilembedwe pa mndandanda wa katundu. Makatoni a za batire asakhale pansi pa matumba olemera kapena podutsa madzi. Ngati mukuganiza za ndege, batire lapadera saloleza m'chikwama chopita pansi, limayenda m'manja, ndipo lopitirira 100 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo. Otumiza katundu kuchokera ku China amalipiritsa mtengo wina pa chilichonse chokhala ndi batire, ena amakaniratu, ndiye funsani musanalipire fakitale.

Pa boda pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa oyamba. Amamva kuti katundu wa m'maiko a SADC ali ndi mwayi pa msonkho, n'kuganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Joni chili momwemo. A MRA amayang'ana kumene chinapangidwa, osati kumene mwagula. Tembenuzani bokosi: pafupifupi huva iliyonse yalembedwa kuti inapangidwa ku China kapena dziko lina la kutali, choncho imalipira msonkho wolowera wonse, VAT n'kubwera pamwamba. Ndondomeko yopepuka ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono nayonso ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a mgwirizanowo amene ali pa mndandanda wogwirizana, ndipo South Africa siili mu COMESA. Miyezo ya msonkho imasintha ndi bajeti, ndiye pitani ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti musananyamuke, muuzidwe ya chaka chino. Malisiti enieni muzisunga. Akakayikira mtengo umene mwanena amaika wawo, ndipo sukhala wokukomerani.

Malisiti omwewo ndi amene angakubwezereni VAT ya ku South Africa, imene ndi 15%. Pa katundu wa R1,150, VAT yake ndi R150. Mlendo amene wagula zopitirira R250 amatha kuiitanitsa potuluka pa Beitbridge, bola akhale ndi invoisi ya msonkho yochokera ku shopu yolembetsedwa ndipo katunduyo aonedwe. Amadulapo kakomishoni, ndalamayo siibwera msanga, komanso basi siidikira munthu mmodzi. Ine ndimaitenga ngati bonasi, sindiika m'masamu a mtengo. Mashopu ambiri otchipa aja sapereka invoisi yotere, ndipo umenewo ndi mbali ya kutchipa kwawo.

Poika mtengo, musawerengere randi imene munagulira dzulo. Werengerani imene mudzagule pobwerera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu Meyi 2022 ndi 44% mu Novembala 2023, ndipo amene anali atakongoza katundu nthawi imeneyo anatolera ndalama zosakwana kuodanso katundu wochuluka chimodzimodzi. Huva ndi katundu woyenda pang'onopang'ono, si sopo. Ikhoza kukhala miyezi, ndipo ya batire ikamakhala m'katoni batire likukalamba. Muziitulutsa n'kuitchaja pang'ono, osaisiya itatheratu. Walanti ya ku shopu ya ku Joni ili pa pepala, koma kubweza huva imodzi kudutsa maboda atatu kumadya kuposa mtengo wake, ndiye pa mtengo uliwonse muziikapo kangachepe kolipirira imene idzabwere yakufa. Musatuluke mu shopu musanaiyatse, ngakhale wogulitsa akwinye nkhope.

Ndi mpamba wochepa ngati umene mwanenawo, ine ndikanatenga migolo ingapo ya mtundu umodzi ndi mafyuluta ake, n'kuyamba ndayenda kaye m'malo otsukira magalimoto ndi m'maloji a m'dera lanu kufunsa amene akufuna. Ya batire ndikanatenga imodzi yokha yoonetsera, ya batire lochoka, ndipo zina ndikanabweretsa kwa amene wapereka theka la ndalama. Kumapeto kwa Novembala mashopu akuluakulu a ku Joni amatsitsa mitengo pa Black Friday, ndiye maoda muzitolera kuyambira Okutobala. Pa lisiti lanu lembani masiku amene mukulandira chobwezedwa, nambala ya makinawo, ndi mawu oti batire ndi fyuluta sizili mu walanti, kasitomala asayine pompo.