Musamuchotsere nthabwala mtsikanayo

Ayi achemwali, musamuchotsere nthabwala mtsikana wa mu nkhani yanuyo chifukwa choti ena akuti munthu wosungulumwa saseketsa anthu. Amene akunena zimenezo sanasungulumwepo. Kaonereni Fleabag, series ya pa TV ya Phoebe Waller-Bridge, inatuluka pa BBC mu 2016 kenako 2019. Mtsikana wa ku London, ali ndi ka cafe kake, mayi ake anamwalira, mnzake wapamtima Boo anamwaliranso, ndiye chilichonse amachisandutsa nthabwala nkumatembenukira ku kamera kutiuza ife oonera poti alibe wina womuuza. Mu season yachiwiri wansembe wina amene mtsikanayu amamukonda ndi yekhayo amene amaona kuti mtsikanayu amasowa kaye pakati pa macheza akatembenukira ku kamera, ine pamenepo ndinatseka laputopu.

Poti kwathu woseketsa ndinali ineyo. Amayi atamwalira, usiku wa kusiwa azimayi a mvano atatopa kuimba, ndinayamba kuyeserera momwe amayi ankanenerera mtengo wa tomato pamsika, anthu kuseka mpaka misozi, azakhali kugwera pa mphasa, nanenso kuseka koma mkatimu mukunjenjemera. Ndiye alamu anga, akazi awo a achimwene, ali pa moto ukoko kunena mokweza kuti ndimve ati "taonani uyu, mayi ake ali m'bokosi iye akupanga drama, mtima wamwala." Munthu amene sanagoneko ku chipatala ngakhale usiku umodzi! Wowasambitsa amayi ndinali ine, wowamwetsa phala ine, wochapa zofunda ine, iwo ankangobwera Lamlungu ndi Sobo nkujambula zithunzi. Maliro atatha aliyense anabwerera kwawo, foni yanga zii, ati uja ndi wolimba amangoseka. Ndinkagona wailesi ili chiyatsire kuti mnyumba mumveke mawu a munthu.

Ndiye mtsikana wanuyo musamuliritse patsamba, pomwe pakuwawa kwambiri ndi pomwe nthabwala yake ikhale yokoma zedi, owerenga aseke kaye kenako achite manyazi kuti aseka. Wansembe ngati wa mu Fleabag musamupatse, anthu otero sabwera. Kaya mwina mumupatse mmodzi yekha, koma afike mochedwa. Koma inuyo panokha ngati ndinu woseketsa kwanuko, tsiku la maliro lirani mokuwa, gubudukani pansi anthu aone, apo bii simudzaimbiridwa foni ndi aliyense.