Mankhwala opaka a ululu wotsala mashingozi akapola

Achemwali, chonde musawagulire amayi anu mankhwala otenthetsa aja amene ena akukulangizani m'gulu muno, chifukwa ululu umene watsala m'nthiti mwawo mashingozi atapola si wa minofu ayi. Ndi wa mitsempha imene yawonongedwa ndi kachilombo komwe kanawadwalitsa katsabola ali mwana, n'kubisala m'thupi zaka zonsezi. Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa ine ndinadutsa momwemo.

Ine mashingozi anandigwira kumsana, mbali imodzi yokha, n'kuzungulira mpaka pansi pa bere. Ululu utangoyamba ndinapita kuchipatala china cholipira, ndipo amene anandiona sanandiuze n'komwe kuti ndikweze malaya. Atangomva mawu akuti msana analemba diclofenac wopaka ndi mankhwala ena otenthetsa okhala ndi methyl salicylate, n'kunena kuti ndatopa ndi ntchito, ndikathowenso ndi madzi otentha. Usiku umenewo magetsi anali atathima, ndipo bambo a kunyumba anandipaka poyatsa kandulo, osaona kuti timatuza tinali titayamba kale kutuluka. Atamaliza anaikapo nsalu yotentha monga tinauzidwira. Pasanapite nthawi khungu linayamba kuwotcha ngati andikhuthulira phala lochoka pamoto, ndipo ndinalira mokuwa mpaka ana anadzuka n'kuima pakhomo akunjenjemera. Tinayesa kutsuka koma moto wake sunazime. Ndinachezera nditakhala pansi pa simenti msana uli pamtunda, chifukwa ngakhale chitenje chikangondikhudza ndinkadumpha, ndipo kutacha matuza anali ataphulika, madzi akuchucha.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti acyclovir, mankhwala akumwa olimbana ndi kachilomboka, amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Nthawi imeneyo inandithera ndikupaka zinthu zolakwika. Nditabwerera kukawaonetsa zimene zinachitika, munthu uja sanapepese, anangoti khungu langa ndi losachedwa kupsa, ndipo anafuna kuti ndilipirenso ndalama yoonana naye. Munthu wotere sayenera kugwira cholembera n'kumalembera odwala mankhwala.

Mabala anapola koma ululu unatsala kwa miyezi, wobaya ndi wowotcha, makamaka usiku. Dokotala wina wa kuchipatala cha boma ndiye anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti diclofenac wopaka amachepetsa kutupa, choncho ndi wabwino munthu akabinya, akapweteka minofu kapena mawondo akamawawa ndi nyamakazi, koma pa mtsempha wowonongeka sathandiza kwenikweni. Anandilembera capsaicin wa 0.075%, wopangidwa kuchokera ku chinthu chimene chimawawitsa tsabola, woti ndizipaka pang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku, pakhungu lopoleratu basi. Akapakidwa mobwerezabwereza amafooketsa timitsempha ta pakhungu timene timatumiza uthenga wa ululu, n'chifukwa chake kusintha kumaoneka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, osati tsiku lomwelo. Anandipatsanso amitriptyline wochepa womwa pogona, ndipo kunena zoona ameneyu ndiye anandibwezera tulo, ngakhale amaumitsa kukamwa ndi kuchititsa chizungulire, chimene kwa munthu wachikulire ngati amayi anu n'chofunika kusamala nacho kuti asagwe akamadzuka usiku. Palinso pulasitala ya lidocaine ya 5% imene imamatidwa pamalo opwetekawo kwa maola 12 kenako n'kupumitsa khungu maola ena 12. Imachititsa dzanzi popanda kuwotcha, kungoti sipezeka wamba ndipo ndi yodula.

Tsono achemwali, apititseni amayi kuchipatala ndi buku lawo, ndipo musagule chilichonse chimene dokotala sanalembe, ngakhale ndikudziwa kuti amene anandivulaza ine analinso wolemba mankhwala. Muumirire kuti awaone pakhungu ndi maso, asangomva nkhani. Akawalembera capsaicin, muwauziretu kuti masiku oyamba amawotcha ndithu, koma apirire asasiye, chifukwa kuwotchako kumanka kuchepa, ndipo ambiri amasiya mankhwalawo asanayambe kugwira ntchito. Wowapaka asambe m'manja ndi sopo akangomaliza, asagwire m'maso, asamange bandeji yothina pamalopo, ndipo asapake atangochoka kosamba madzi otentha. Khungu likatupa kapena kutuluka matuza atsopano, asiye ndipo mubwerere nawo. Mupemphenso kuti awayeze shuga ndi HIV, osati mowaganizira zoipa, koma chifukwa mashingozi amakonda kutuluka chitetezo cha m'thupi chikatsika, ndipo shuga payekha amawononga mitsempha, makamaka ya kumapazi.