Ku Natchez musathere ndalama pa nyumba zonse

Achemwali, mwafunsa zoti mukaone chiyani ku Natchez, mzinda wa ku Mississippi ku America, ndi m'dera lake la Adams County pa masiku awiriwo, komanso kogona. Za kogona ena ayankha kale, ine ndinene za nyumba zikuluzikulu zakale zimene alendo amalipira kuti akazione.

Ngati mulipira imodzi yokha, lowani Longwood. Ndi chinyumba cha njerwa cha mbali 8, pamwamba pake chili ndi denga looneka ngati anyezi. Mwini wake, Haller Nutt, mlimi wa thonje, anayamba kumanga mu 1860, ndiye nkhondo yapachiweniweni ya ku America itabuka mu 1861 amisiri ochokera kumpoto anasiya ntchito n'kubwerera kwawo. Banja lonse linangokhala m'zipinda zapansi. Mukakwera pamwamba mupeza njerwa zopanda pulasitala, matabwa ali poyera, zida zina za amisiriwo zikadali pomwepo. Ndinalipira cha m'ma madola 25 munthu mmodzi, mwina pano yakwerako.

Zinazo samalani nazo. Stanton Hall, Rosalie ndi zinzake n'zokongola ndithu, koma mukafika yachitatu mipando ndi makatani zimayamba kufanana, chikwama chokha ndiye chikupepuka. Ine pa nyumba ina, sinditchula dzina, mayi wotionetsa anatha pafupifupi ola akutamanda mbale ndi magalasi, akapolo amene anagwira ntchito pamenepo akungowatchula kuti "antchito a pakhomo". Nditafunsa kuti ankagona kuti, anangoloza kuseri n'kutiuza kuti tipite chipinda china. Ndinatuluka mtima uli phuphuphu.

N'chifukwa chake ndikuti yambirani pa Forks of the Road. Unali msika wa akapolo, wachiwiri kukula m'dera la kum'mwera kwenikweni kwa America pambuyo pa wa ku New Orleans. N'kwaulere, ndipo n'kosavuta kupitirira osauona: kamalo kakang'ono pamphambano, zikwangwani zingapo ndi maunyolo achitsulo omatidwa mu simenti. Mukachoka pamenepo pitani ku nyumba ya William Johnson pa State Street, munthu wakuda wometa tsitsi amene anamasulidwa ku ukapolo ali mwana ndipo ankalemba za tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Mukatero nyumba zazikulu zija mukaziona ndi maso ena.

Amene akuti pitani ku Windsor Ruins, mabwinja a chinyumba chakale, sakunena kuti ndi ku Claiborne County, ulendo wa pafupifupi ola, kukaona zipilala zokha. Pafupi ndi Natchez pali Emerald Mound, m'mbali mwa msewu wa Natchez Trace Parkway, chulu chachikulu cha maekala 8 chomwe makolo a mtundu wa Natchez, eni dera akale azungu asanabwere, anaunjika ndi manja. Pamwamba palibe mthunzi, ndiye ngati ndi July pitani m'mamawa, mutenge madzi. Dzuwa la ku Mississippi lili ngati la ku Nsanje mu Okutobala, kuwonjezerapo chinyezi.

Ndipo mukapita mu Malichi kapena Epulo, ndi nyengo ya Spring Pilgrimage, pamene nyumba zakale zambiri zimatsegulidwa kuti anthu azione, alendo amadzaza. Sungitsani malo msanga.